Phunziro 9: Kuyamika Abale ndi Abwenzi Akali Moyo

SABATA MASANA

WERENGANI PA PHUNZIRO LA SABATA INO: Rute 1, 2, Marko 7:9-13, 1 Samueli 20, 23:14-18, Luka 6:12-16, Yohane 12:1-8, Aroma 16.

VESI LOLOWEZA: Miyambo 17:17.

MFUNDO YAIKULU: Abale ndi abwenzi ndiwo mphatso zimene Mulungu amatipatsa tsiku ndi tsiku. Mkhristu ayenera kuzizindikira mphatsozi, kuziyamika ndi pakamwa nthawi isanathe, ndi kusalola kuti ndale za dziko zimlande.

PA MALIRO SIPASOWA MAWU OKOMA. Yense amene anakhalapo pa maliro ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Phalula akuudziwa mwambo wake. Woimira banja aimirira, pambuyo pake anyakwawa, kenaka mkulu wa mpingo. Onse anena za kuolowa manja kwa malemuyo, za khomo lake losatseka, ndi za ana amasiye amene analera. Potsiriza nkhata za maluwa ziikidwa pamanda. Koma pali funso limene sitikonda kulifunsa: kodi munthuyo anawamvako mawu amenewa ali moyo?

Ife Aadventi timakhulupirira kuti akufa ali m'tulo, ndipo za pansi pano sazimvanso kufikira tsiku la kuuka (Mlaliki 9:5, 6, 1 Atesalonika 4:13-17). Motero kwa ife nkhani iyi ndi yachangu. Chiyamiko chonenedwa pamanda chimatonthoza otsala, koma mwini wake sichimfika. Sabata ino tiphunzira za anthu a m'Baibulo amene anaona mphatso yokhala nawo m'nyumba, ndi ena amene anachedwa kuiona.

SANDE

KODI NDI CHIMANJAMANJADI? (Rute 1:6-22; 2:8-18)

Kodi Naomi anadziona bwanji pamene anafika ku Betelehemu? Nanga ndani anali ataima pambali pake pamene anali kulankhula? Rute 1:19-22.

Naomi anapita ku Moabu pothawa njala, ali ndi mwamuna ndi ana aamuna awiri. Patatha zaka ngati 10 onse atatu anali m'manda. Pobwerera kwawo anauza amayi a m'mudzi kuti anachoka ali nazo zonse, koma tsopano wabwera chimanjamanja. Chisoni chake chinali chenicheni, ndipo Malemba samdzudzula chifukwa cha kulira. Komabe mawu akewo sanali oona onse. Rute, amene anasiya kwawo, abale ake ndi milungu ya makolo ake, anali chiimire pomwepo nkumamva.

Malinga ndi mwambo wathu tinganene kuti Naomi anali atawasudzula kale akazi a ana ake. Olipa analandira ufulu wake nabwerera, ndipo palibe nkhoswe imene ikanamzenga mlandu. Rute nayenso analibe mangawa. Zonse zimene anachita kuyambira tsiku limenelo zinali za mtima wake wokha.

Ndani anayamba kutchula poyera zabwino za Rute? Kodi anazitchula motani? Rute 2:11, 12. Yerekezani ndi Rute 4:14, 15.

Onani kuti Boazi sanangoti Rute ndi munthu wabwino. Iye anatchula ntchito zake imodzi ndi imodzi: kusamala apongozi ake, kusiya makolo, kudza kwa anthu achilendo. Onaninso kuti chikondi cha Rute chinaoneka m'zinthu zazing'ono: kukunkha barele tsiku lonse padzuwa, ndi kusungirako apongozi ake chakudya chimene chinatsala masana (Rute 2:17, 18).

M'chaka cha 1995 Nyanja ya Chilwa inaphwa, monga inachitiranso m'chaka cha 1968. Mabwato anagona pa matope ong'ambika, malonda a matemba anaima, ndipo asodzi a kwa Mposa ndi madoko ena anabalalika, ena kunka ku Chiuta ndi ku Malombe, ena kubwerera kumudzi. Msodzi wofika pakhomo wopanda ndalama akanatha kulankhula monga Naomi. Koma amene anamlandira katundu, namteleka madzi osamba, namgawira ufa wotsala m'dengu, kodi sanali chuma? Madzi anabweranso m'nyanjamo mvula itagwa bwino, ndipo anthu ambiri anabwerera ku madoko ali moyo chifukwa panali wina amene anawasunga pa nthawi ya chilala.

Pamene muwerenga zimene mwataya chaka chino, kodi pali wina amene waima pambali panu amene simunamuwerengere?

LOLEMBA

CHIYAMIKO CHIYAMBIRE PAKHOMO (Eksodo 20:12, Marko 7:9-13, Yohane 19:25-27)

Kodi Afarisi anapeza njira yanji yozembera lamulo lachisanu? Nchifukwa ninji Yesu anawadzudzula kolimba? Marko 7:9-13.

Munthu akanena kuti chuma chake ndi Korbani, ndiko kuti choperekedwa kwa Mulungu, aphunzitsi a mwambo anali kummasula ku udindo wothandiza makolo ake. Chinyengo chake chinali chakuti kusayamika kunavala malaya a kupembedza. Ife amene timadziwika ndi kusunga lamulo lachinayi tikumbukire kuti lachisanu lili pafupi pomwepo, ndipo chala chimene chinalemba lina ndicho chinalembanso linzake.

Korbani wa masiku ano ali ndi maonekedwe ambiri. Alipo mkulu wa mpingo amene saphonya komiti kapena msonkhano wa misasa, koma denga la amayi ake likudontha mvula yachiwiri. Alipo mayi wa Dorika wodziwika pocheza ndi odwala a m'midzi ina, koma apongozi ake akudwala okha kuseri kwa nyumba. Ntchito za mpingo nzabwino ndithu, koma Mulungu salandira nsembe yobedwa kwa makolo.

Kodi Paulo akuti chipembedzo cha ana ndi adzukulu chiyambire kuti? 1 Timoteo 5:4, 8.

Paulo akutchula adzukulu, ndipo mawu amenewa akutikhudza. Pamene matenda a Edzi anakula m'zaka za m'ma 1990, m'midzi yambiri agogo ndiwo anatsala ndi ana. Anagwiranso khasu atakalamba, nagulitsa thonje, nandolo ndi nkhuku kuti adzukulu apeze yunifolomu. Ana amenewo lero ndi akuluakulu. Ena ndi aphunzitsi, ena ndi akulu a mpingo. Agogo amene akali moyo akupita mmodzimmodzi.

Anyamata ambiri a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi amapita ku Joni kukafuna ntchito. Pamene alendo anachitidwa chiwawa ku South Africa m'chaka cha 2008 ndi cha 2015, ambiri anabwerera pa mabasi atataya katundu wawo. Amene anawalandira anali omwe aja anatsala: mayi, mkazi, mlongo, malume. Kutumiza ndalama kumudzi nkoyenera, koma mkazi amene walima munda yekha ndi kulera ana zaka zitatu afunanso kumva mawu. Chimodzimodzinso mkamwini amene wamanga nyumba ndi kudzaza nkhokwe pamudzi wa eni, asamakumbutsidwe ulendo wake wokha, ayamikidwe. Akuluakulu anati, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.

Werengani Yohane 19:25-27. Yesu anali kusenza machimo a dziko lonse, koma anapezabe mpata wokonzera amake pokhala. Kodi pali ntchito imene muli nayo yoposa iyo, imene ingakuletseni kukumbukira a pakhomo panu?

LACHIWIRI

BWENZI PA NTHAWI YA MPANDO (1 Samueli 18:1-4, 20:27-42, 23:14-18)

Kodi Sauli anagwiritsa ntchito mfundo yotani pofuna kudanitsa Jonatani ndi Davide? 1 Samueli 20:30, 31.

Nkhani ya Davide ndi Jonatani inachitika pakati pa mkangano wa ufumu. Sauli anauza mwana wake mosabisa kuti Davide akakhala ndi moyo, iye sadzakhala pampando. Malinga ndi nzeru za ndale, Sauli sananame. Jonatani anafunsidwa kusankha pakati pa bambo ndi bwenzi, ndiponso pakati pa bwenzi ndi ufumu.

Chodabwitsa nchakuti Jonatani anataya ufumu wokha. Sanampereke Davide, ndipo sanawasiye bambo ake. Anawatsutsa pagome pamene analakwa, nachoka wokwiya osadya. Komabe pa tsiku lotsiriza anafa pambali pawo pa phiri la Giliboa (1 Samueli 31:2). Iye anaonetsa kuti munthu angathe kukana maganizo a mbale wake popanda kumkana mbaleyo.

Kodi Jonatani anamchitira chiyani Davide pa ulendo wotsiriza umene anaonana? 1 Samueli 23:16-18.

Jonatani sanabwere ndi asilikali kapena chuma. Anayenda kunka kuthengo, nakumbutsa bwenzi lake lonjezo la Mulungu. Bwenzi lotere ndi losowa, ndipo amene ali nalo asadikire nyimbo ya maliro kuti anene kufunika kwake.

Dziko lathu linapyola nthawi yofanana ndi iyi. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula zolakwika za ulamuliro wa chipani chimodzi inawerengedwa m'matchalitchi awo. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort. Pa 14 Juni 1993 anthu anaponya voti ya referendamu, ena posankha tambala wakuda, ena nyali, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi, a ku Machinga konkuno, anapambana chisankho, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda anavomera kugonja. Amene anali akuluakulu pa nthawiyo akukumbukira kuti mkanganowo sunathere pabwalo la msonkhano. Unalowa m'nyumba: bambo wa tambala, mwana wa nyali, onse akudya m'mbale imodzi. Mabanja amene anatuluka amphumphu ndi amene anali ndi Jonatani pakati pawo.

Kodi pali bwenzi limene munaleka kulipatsa moni chifukwa cha chisankho? Kodi amene munakanganirana uja akudziwa ngakhale dzina lanu?

LACHITATU

WAMSONKHO NDI MZELOTE PA GOME LIMODZI (Mateyu 9:9-13, Luka 6:12-16, Yohane 13:34, 35)

Werengani maina a atumwi pa Luka 6:13-16. Kodi Mateyu anali kugwira ntchito yanji? Nanga dzina lachiwiri la Simoni wina uja litiuza chiyani?

Mateyu anali wokhometsa msonkho, ndipo Ayuda anzake anali kuona anthu a ntchito imeneyi ngati ogulitsa mtundu wawo kwa olamulira. Simoni anatchedwa Zelote, dzina limene linadziwika ndi anthu achangu okana ulamuliro wa Aroma. Yesu anapemphera usiku wonse, nasankha onse awiri. Sitiwerenga kuti anayamba wawagwirizanitsa pa nkhani ya msonkho. Anawaika pa ulendo umodzi ndi pa gome limodzi, nasambitsa mapazi a onse awiri, nanena kuti chizindikiro cha ophunzira ake chidzakhala kukondana kwawo.

Kodi Malemba atiphunzitsa kuwaona motani olamulira a dziko? Aroma 13:1-7, 1 Timoteo 2:1, 2, Machitidwe 5:29, Masalmo 146:3, 4, Danieli 2:21, 44.

Mavesi awa atipatsa muyeso wabwino. Mkhristu alemekeze boma, apereke msonkho, apempherere atsogoleri, ndipo akane pamene alamulidwa kuchimwira Mulungu. Ali ndi ufulu woponya voti monga chikumbumtima chake chimuuzira, ndi wolankhula pamene osauka aponderezedwa. Koma asaike chiyembekezo chake chonse pa munthu, pakuti ufumu wosatha ndi umodzi wokha.

Chiyambire 1994 Amalawi aponya voti yosankha pulezidenti mu 1999, 2004, 2009, 2014 ndi 2019, mu 2020 khoti litalamula chisankho chobwereza, ndiponso mu 2025. Nsalu za zipani zimene anthu anatukwanirana zinasuluka, zina zinasanduka mbereko, zina zophimbira nkhokwe. Ngakhale malire amasintha. M'chaka cha 1998 Balaka inapatulidwa ku Machinga nkukhala boma palokha, ndipo anthu a ku Utale ndi ku Ulongwe anayamba kulemba dzina lina pa makalata awo. Koma palibe amene analeka kukhala malume wa ana a mlongo wake okhala tsidya lina la Shire. Chibale ndi fupa, sichiola.

M'maboma awiriwa muli mabanja ambiri amene ena ndi Asilamu, ena ndi Akhristu a mipingo yosiyanasiyana. Mnansi amene amapita ku mzikiti Lachisanu ndi yemwe angabwereke njinga usiku kuti mwana wathu afike ku chipatala ku Liwonde. Pamene namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kumwera mu Marichi 2023, m'midzi yambiri woyamba kufika kwa ovutika anali mnansi, thandizo la kutali lisanabwere. Kuyamika munthu wotere sikusiya chikhulupiriro chathu. Ndiko kuvomereza kuti mphatso yabwino iliyonse ichokera kwa Atate, ngakhale yadzera m'dzanja la yani (Yakobo 1:17).

Kodi mlendo wolowa m'kalasi lanu la Sukulu ya Sabata sabata ya chisankho angazindikire chipani cha munthu poona pamene wakhala? Ngati nditero, chofunika kukonza nchiyani?

LACHINAYI

MAFUTA ONUNKHIRA PA NTHAWI YAKE (Yohane 12:1-8, Marko 14:3-9, Aroma 16:1-16)

Yerekezani mphatso ya Mariya wa ku Betaniya ndi ya Nikodemo. Yohane 12:3, 19:38-40. Onaninso Marko 16:1-6.

Nikodemo anabwera ndi zonunkhira zambiri koposa za Mariya, ndipo anachita bwino. Koma anazibweretsa kwa mtembo. Amayi amene analawirira kumanda tsiku loyamba la sabata anapeza kuti zonunkhira zawo zilibenso ntchito. Mariya yekha ndiye anathira mafuta ake pamene Yesu akanatha kumva fungo lake ndi kuona misozi yake. Mtengo wa mafutawo unali ngati malipiro a waganyu a chaka chathunthu, ndipo Yudase anauwerengera msanga nati nkuwononga. Yesu anamteteza Mariya, nalonjeza kuti ntchito yake idzakumbukika kulikonse kumene Uthenga Wabwino udzalalikidwa.

Ambiri a ife tili ngati Nikodemo. Timakongola ndalama za bokosi lokongola, timagula nsalu ndi maluwa, timaphika chakudya cha khamu la anthu, pamene malemuyo anadwala miyezi yambiri akulakalaka shuga wa m'phala ndi munthu wocheza naye. Kulemekeza maliro nkoyenera, koma gawo lina la ulemuwo lifike munthu akali kupuma.

Werengani Aroma 16:1-16. Lembani anthu asanu ndi chimene Paulo akuwakumbukira nacho.

Kalata imene ifotokoza mozama za chilungamo cha mwa chikhulupiriro itsiriza ndi chaputala chokhala ndi maina oposa 30. Febe anathandiza ambiri, ndi Paulo yemwe. Priska ndi Akula anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha iye. Mariya anagwira ntchito zolimba. Amake a Rufo anamsamala Paulo monga mwana wawo. Dzina lawo sitilidziwa, koma ntchito yawo yawerengedwa m'mipingo kwa zaka pafupifupi 2,000. Ali m'ndende, Paulo anakumbukiranso Onesiforo, amene anamfunafuna mu Roma osachita manyazi ndi unyolo wake (2 Timoteo 1:16-18).

Pa chitsanzo cha Paulo tiphunzirapo zinthu zitatu. Chiyamiko chitchule munthu ndi dzina lake. Chitchule chimene anachita. Ndipo chinenedwe iye akali moyo, ngati nkotheka ena akumva. Ena amati mwambo wathu sulola bambo kuyamika mkazi wake pamaso pa ana, kapena kuti mwana akatamandidwa amadzikuza. Koma timadziwa kuwomba m'manja ndi kugwada pothokoza mlendo amene watipatsa kanthu kamodzi. Nanga bwanji amene watiphikira nsima zaka 20?

Lembani maina atatu a anthu amene muyenera kuwathokoza. Kodi mudzawauza liti?

LACHISANU

KUPHUNZIRA ZOONJEZERA: Werengani Luka 17:11-19; 2 Samueli 9; Afilipi 2:25-30; Mlaliki 4:9-12.

Akhate 10 anachiritsidwa, koma mmodzi yekha anabwerera kudzathokoza, ndiye Msamariya. Anthu a ku Balaka, kumene ku Utale kunasungidwa ndi kuthandizidwa odwala khate kwa zaka zambiri, akudziwa kuti nthendayi inali kulanda munthu thanzi pamodzi ndi abale. Asanu ndi anayi aja sanali osakondwa. Anali pa changu chonka ku moyo wawo watsopano. Kawirikawiri kusayamika sikuchokera m'chidani, koma m'kutanganidwa ndi kuzolowera. Yesu anafunsa za iwo, kusonyeza kuti Iye amaona pamene chiyamiko chasowa.

Davide atakhala mfumu anafunafuna wotsala wa nyumba ya Sauli, napeza Mefiboseti wopunduka, namkhazika pagome lake chifukwa cha Jonatani. Amene anachedwa kuthokoza mnzake asataye mtima: ana ake ndi mkazi wake wamasiye alipo.

Madzulo ano, potsegula Sabata, banja lisanapemphere, aliyense atchule chinthu chimodzi chimene wina wa m'nyumbamo wamchitira sabata ino. Bambo ayambe.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Naomi sanamuone Rute chifukwa cha chisoni. Kodi tingathandize bwanji wofedwa kuona amene atsala, popanda kupeputsa misozi yake?

2. Mbale wina ayimira chipani pa chisankho, ndipo mkulu wa mpingo wake asapota chipani china. Kodi mpingo ungachite chiyani kuti onse awiri adzasambitsane mapazi pa Mgonero wotsatira ndi mtima woona?

3. Kodi kuyamika kumasiyana bwanji ndi kusyasyalika? Onani Miyambo 27:5, 6. Kodi bwenzi limene latidzudzula tinayamba talithokozapo?

4. M'mabanja ena muli nkhanza ndi mabala enieni. Kodi phunziro lino likutanthauza kuti wozunzidwa akhale chete? Kodi mpingo ungakhale bwanji banja kwa iye amene kwawo kulibe womuyamika? Marko 3:31-35.

MWACHIDULE: Mulungu amatisamala kupyolera mwa anthu amene tawazolowera: mayi, agogo, mkamwini, mnansi, bwenzi. Maboma amasintha, malire amasuntha, nyanja imaphwa ndi kudzalanso, koma anthu awa tapatsidwa kwa kanthawi kochepa. Popeza akufa samva, tiwathokoze lero, ndi maina awo. Ndipo pothokoza iwo tithokoze Iye amene anatitcha abwenzi ake, napereka moyo wake chifukwa cha ife.